Chaulere chomwe chinandidyera K38,000

Ine ndine wa geni, ndimagulitsa mpunga, nyemba ndi mtedza mumsika wa Limbe. Nkhani zanu ndimawerenga masana makasitomala akachepa, ndipo kawirikawiri ndimangowerenga n'kudutsa osayankhapo. Sabata ino ma admin andipatsa mpata, ndiye ndati ndikusimbireni za laputopu yanga yokalamba ndi mmene ndinaphunzirira chinthu chotchedwa Linux. Ndineneretu kuti za makompyuta sindinaphunzire kusukulu. Ndinalekeza Fomu 4, ndipo pasukulu yathu kompyuta inali imodzi basi, ya mu ofesi ya ahedi, yovindikira ndi nsalu. Akatswiri amene muli muno mundikonze pomwe ndaphonya, koma mundilole ndimalize kaye.

Laputopuyo inachokera ku Joni. Achimwene anga amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo mu 2022 anaitumiza pa basi pamodzi ndi mabulangete. Inali yogwiritsidwapo kale ntchito, batire lake silisunga moto kupitirira ola limodzi, koma kwa ine inali chuma. Poyamba ana ankangoonerapo mafilimu. Kenako anzanga a banki m'khonde yathu ya mumsika anandisankha kukhala mlembi, akuti poti ndine wa sukulu. Tilipo amayi 22, timakumana Lachinayi lililonse madzulo tikaweruka, ndipo timagawana mu Disembala. Mlembi amalemba masheya a aliyense, ngongole, chiwongoladzanja, zindapusa za ochedwa ndi ndalama za thumba la zadzidzidzi. Papepala masamu amenewa amazunguza mutu. Mwana wa achimwene anga omwewo, mtsikana amene akuphunzira za makompyuta pa koleji ina muno mu Blantyre, anandionetsa kalembedwe kake mu Excel. Nditaona kompyuta ikuwonkhetsa yokha, ndinayamba kulinyoza buku lathu lachikuto cholimba lija. Pofika Meyi chaka cha 2025 ndinali nditasiyiratu kulembamo. Musaiwale pamenepa, tibwererapo.

Vuto linali lakuti laputopuyo inali itatopa. Ukaiyatsa m'mawa umatha kuika madzi pamoto, kusamba, n'kubwera isanadzuke bwinobwino. RAM yake ndi 4GB yokha. Komanso fulashi yanga inkayenda m'malo opulintira mapepala, ndipo ikabwera inkabwera ndi mavayirasi. Kenako pasikirini panayamba kubwera uthenga wakuti Microsoft isiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Tanthauzo lake, kompyuta ipitiriza kuyaka, koma zigamba zotseka mipata ya akuba a pa intaneti sizibweranso mwa masiku onse. Windows 11 imafuna makina atsopanopo, okhala ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo yanga ilibe. Zogula yatsopano sindinaganizeko n'komwe. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa laputopu umafanana ndi mpamba wa benchi yanga yonse. Mnyamata wina wokonza mafoni anandiuza kuti angandiikire Windows yakuba pamtengo wozizira. Nditamufunsa ngati mavayirasi atha, anangoseka.

Ndiye tsiku lina mtsikana uja anabwera kudzandiona ku Bangwe komwe ndimakhala, ndipo ndinamudandaulira. Anati, "Azakhali, bwanji tingoikamo Linux?" Ndinamufunsa ngati Linux ndi mankhwala a mavayirasi. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako anandifotokozera m'njira yoti wa mumsika amve. Anati kompyuta iliyonse imakhala ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa zonse, imene amaitcha operating system. Imeneyo ili ngati msika weniweniwo: malo, mpanda, mageti, mipope ya madzi ndi oyang'anira. Mapulogalamu enawa, olembera makalata, owonkhetsera masamu, oonera mafilimu, ndiwo mabenchi athu ife ogulitsa. Windows ndi msika umodzi, waukulu ndithu, koma misika ilipo ina. Ine zaka zonsezi ndinkangoti kompyuta ndi Windows, Windows ndi kompyuta.

Ndinafunsa mtengo. Anati ndi yaulere.

Pamenepo ndinagwira chikwama. Wa geni aliyense akudziwa kuti basela amene timawonjezera pa mpunga amakhala atawerengeredwa kale mumtengo. Munthu akakubweretsera chinthu n'kunena kuti chaulere, funso loyamba ndi lakuti, nanga iye adya chiyani? Ndinamuuza choncho. Iye sanakwiye. Anandiuza kuti Linux inayamba mu 1991, ndi mnyamata wa zaka 21 dzina lake Linus Torvalds, yemwe ankaphunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Anaika ntchito yake pa intaneti kuti ena aione ndi kuwonjezerapo, ndipo anthu a m'maiko ambiri akhala akuwonjezera mpaka lero. Lamulo lake, lomwe amalitcha GPL, limati aliyense ali ndi ufulu wowerenga mmene pulogalamuyo inalembedwera, kuisintha ndi kugawira ena. Koma ukaisintha n'kuigawa, zosintha zakozo uziikenso poyera. Odyerapo alipo ndithu: makampani ena amalipiritsa mabungwe akuluakulu powathandiza kuigwiritsa ntchito, ena amalandira zopereka za anthu, ndipo ena amangoigwira ntchitoyo poti amaikonda. Kenako analoza foni yanga n'kunena kuti Android imene ili m'menemo phata lake ndi Linux yomweyo. Ndakhala ndikuyenda nayo m'chilundu zaka zonsezi osadziwa.

Anawonjezera mawu amene tsiku limenelo sindinawalabadire. Anati, "Azakhali, musakakamire pa ulerewo. Chachikulu n'chakuti ili poyera. Wina akalakwitsa kapena akafuna kubisamo zachinyengo, pali maso ambiri oti aone." Ine ndinangoti chabwino, bola izithamanga.

Kusankha kunali nkhani ina. Ndinkaganiza kuti Linux ndi imodzi, koma ili ngati mpunga: kuli Kilombero, kuli Faya, kuli Pusa, wonsewo mpunga koma kaphikidwe ndi fungo n'zosiyana. Ananditchulira Debian, Fedora, Ubuntu, Linux Mint ndi ina yomwe maina ake ndaiwala. Mtima wanga unathamangira pa Ubuntu chifukwa cha dzina. Ubuntu ndi mawu a anzathu a ku South Africa, kwathu kuno timati umunthu. Amene anaiyambitsa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa konko, kudzera mu kampani yake ya Canonical. Ngakhale manambala ake ndi osavuta kumva: 24.04 ndiye kuti inatuluka mwezi wa Epulo chaka cha 2024. Ndinati imeneyi ndiye yathu, tiike yomweyo.

Mtsikana uja anati tilawe kaye. Ubwino wa Linux ndi wakuti umatha kuiyesa kuchokera pa fulashi osakhudza zimene zili mukompyuta, monga mmene kasitomala amatapira mpunga pang'ono, kununkhiza ndi kuluma njere asanagule. Sabata yotsatira anabwera atadawuniloda kale kusukulu kwawo, poti fayilo iliyonse ndi pafupifupi 3GB kapena kuposa, ndipo pa bundle yanga zikanandipweteka. Tinayesa Ubuntu. Ndi yokongola, koma zinthu zake zili kumanzere kwa sikirini, ine n'kumangosochera, ndipo nkhalamba yanga inkaoneka kuwefuka nayo. Kenako tinayesa Linux Mint. Imeneyi anaiyambitsa ndi Clément Lefèbvre wa ku France mu 2006, ndipo inamangidwa pamwamba pa Ubuntu yomweyo, choncho umunthu uja sindinausiye kutali. Imabwera m'maonekedwe atatu: Cinnamon, MATE ndi Xfce. Wopepuka kwambiri ndi Xfce. Eni ake amati 2GB ya RAM ndi malo okwana 20GB zimakwanira kuyambira, ndipo Mint 22 aisamalira mpaka 2029. Nditaona kabatani pansi kumanzere, pamalo pomwe dzanja langa linazolowera, n'kudina zinthu n'kumatseguka nthawi yomweyo, ndinati basi, ndagula.

Tsiku limenelo sitinaike, nthawi inali itatha. Anandisiyira fayilo ya Mint pa laputopu pamodzi ndi kapulogalamu koilembera pa fulashi, n'kutenga fulashi yake poti inali ndi zakusukulu. Potsanzikana anandiuza momveka bwino: "Azakhali, mupeze mafulashi awiri. Imodzi musungiremo mafayilo anu onse, inayo ndi ya Linux. Ndikamaliza mayeso Loweruka ndibwera tidzaike limodzi." Ndinayankha kuti ndamva. Kunena zoona ndinamva theka. Mumtima ndinkati fulashi yanga ndi ya 16GB, mafayilo anga sakwana ndi 2GB yomwe, Linux ndi 3GB, nanga yachiwiriyo ndigulirenji? Masamu a mumsika amenewo: ngati thumba lili ndi malo, umathiramo zina.

Lachisanu usiku magetsi analipo, ana atagona, ine tulo osabwera. Ndinati ndimudabwitse mwanayu, akabwera mawa apeze azakhali ake amaliza okha. Ndinakopera mafayilo onse pa fulashi: kaundula wa banki m'khonde, ngongole za makasitomala anga, zithunzi. Ndinatsegula n'kuona kuti zonse zalowa. Kenako ndinatsegula kapulogalamu kaja, n'kusankha fayilo ya Mint, n'kusankha fulashi yomweyo. Panabwera chenjezo m'Chingerezi lakuti zonse zili pa fulashiyo zifufutika. Chingerezi ndimamva, koma sindinawerenge. Ndinangodina monga timachitira tonse, ukaona kabokosi umafuna kachoke msanga. Zitatha ndinazimitsa laputopu, n'kuiyatsanso ndikudina F12 monga ndinaonera, Mint n'kutseguka. Ndinadina poikira. Inandifunsa chilankhulo ndi kiyibodi, kenako inafika pa mawu akuti "Erase disk and install Linux Mint". Apa ndinawerenga ndithu, ndipo ndinamva kuti ifufuta zonse za mukompyuta. Ndinati palibe kanthu, zanga zili pa fulashi.

Pasanathe ola limodzi inali itamaliza. Inayaka mwachangu chomwe sindinachionepo. Ndinavina pang'ono pabalaza ndekhandekha. Kenako ndinalowetsa fulashi kuti ndibweze mafayilo anga. Munali mafoda achilendo okhaokha, maina ake osamveka. Kaundula mulibe. Zithunzi mulibe. Ndinaitulutsa, kuipukuta ndi chitenje, kuilowetsanso. Chimodzimodzi.

Ndinamuimbira mtsikana uja cha m'ma 11 koloko usiku. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa mwakachetechete, "Azakhali, fulashi yachiwiri ija ili kuti?" Sindinayankhe. Nayenso anakhala chete kanthawi. Kenako anati, "Zimitsani laputopuyo pompano, musaigwirenso mpaka ndibwere."

M'mawa anandifotokozera chomwe ndinachita. Kulemba Linux pa fulashi sikufanana ndi kuthira nyemba m'thumba lomwe muli kale mtedza. Kapulogalamuko kamakhuthula thumba lonse kaye, n'kulisokanso mwatsopano. Choncho mafayilo a pa fulashi ndinawafufuta ndekha, kenako n'kufufutanso a mukompyuta, usiku umodzi. Anayesa kuwafukula ndi pulogalamu ina yaulere yotchedwa PhotoRec, imene imasakasaka zotsalira za mafayilo ofufutidwa. Inagwira ntchito tsiku lonse. Inabweza zithunzi zambiri ndi nyimbo, zonse zopanda maina ake akale, manambala okhaokha. Zithunzi za chinkhoswe cha mng'ono wanga zinapezeka. Koma kaundula amene anatuluka anali wakale, wa mu Epulo, ndipo watsopano uja ankakana kutseguka. Zolemba za miyezi isanu, kuyambira Meyi mpaka Seputembala, zinapita. Buku lachikuto cholimba lija linali pansi pa bedi, masamba ake oyera kuyambira Meyi yemweyo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinachita kuuzidwa, n'kudyabe.

Kuyambira Loweruka kufika Lachinayi sindinadye bwino. Inu nonse mukudziwa mbiri ya mabanki m'khonde. Chaka chilichonse kukayandikira Disembala timamva kuti kwinakwake mlembi kapena msungichuma wasowa, kapena akuti buku lanyowa ndi mvula. Tsopano ine ndikaime pamaso pa amayi 21 n'kunena kuti kompyuta yafufuta? Ndikanakhala ine ndikumva kwa wina, sindikanakhulupirira. Ndinaganizapo zonama kuti laputopu yapsa ndi magetsi. Ndinaganizanso zongolemba manambala a m'mutu mwanga n'kukhala chete. Bambo a kunyumba anandiuza kuti bodza pa ndalama za gulu likadzaululika, ndidzasamuka mumsika. Anati ndipite ndi laputopuyo, ndi buku lomwe, ndikanene mmene zinakhalira.

Lachinayi titatha pemphero ndinapempha kuyankhula. Ndinafotokoza zonse, ndi za kusiya kulemba m'buku zomwe. Panali zii. Kenako mayi wina wogulitsa tomato anati, "Ndiye ndalama zathu zapita ndi kompyutayo?" Wina kumbuyo anati, "Zayambika." Mawu amenewo anandilasa kuposa ena onse. Amayi apampando, omwe ndi aakulu kwa tonsefe ndipo sukulu analekeza Sitandade 5, anakweza dzanja kuti anthu akhale chete. Anati, "Amlembi, mwalakwa, ndipo chindapusa mulipira. Koma ndalama sizikhala mukompyuta. Amakiyi, bweretsani bokosi. Aliyense atulutse kabuku kake."

Amene simunakhalepo mu banki m'khonde, imayenda chonchi. Bokosi la ndalama limakhala ndi maloko atatu, makiyi ake amasunga anthu atatu osiyana, ndipo silitsegulidwa gulu lisanakhale pansi. Membala aliyense ali ndi kabuku kake komwe timadindamo chidindo pa sheya iliyonse imene wagula. Ndalama zimawerengedwa pamphasa aliyense akuona, ndipo pomaliza msonkhano chiwerengero chimanenedwa mokweza kuti onse amve. Ine ndi laputopu yanga ndinali nditayamba kuziona ngati zachikale zimenezi, zotaya nthawi. Tsiku limenelo ndi zomwe zinandipulumutsa. Masheya onse tinawapeza powerenga zidindo. Ngongole zambiri zinali zolembedwa kumapeto kwa timabukuto. Amene anabweza kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba anatulutsa mauthenga a m'mafoni mwawo. Pena wina amati, "Ine ndinabweza tsiku lija kunagwa chiperoni," mnzake n'kuvomereza kuti eya, ndinali pambali pake. Tinakhala Lachinayi awiri mpaka mdima, tikuunikira ndi mafoni.

Pomaliza zonse zinagwirizana kupatula K38,000. Mayi wina anati anabweza ndalama imeneyi mu Julayi, anandipatsira pabenchi panga poti tsiku la msonkhano anali ku maliro. M'kabuku kake simunalembedwe. Ine ndikukumbuka kuti anabweradi pabenchi, koma ngati inali K38,000 kapena yocheperapo, mutu wanga sukugwira. Umboni wokhawo unali mufayilo ija. Kulandira ndalama ya gulu pambali n'kulakwa kale malinga ndi malamulo athu, ndipo wolandirayo ndinali ine. Ndinalipira kuchokera mu mpamba wanga, kuwonjezapo chindapusa. Mwezi umenewo sindinapikule nyemba zokwanira. Mayiyo timapatsana moni, koma sizili ngati kale, ndipo mwina sizidzabwereranso.

Ndikubwerera kunyumba usiku wachiwiriwo, mu minibasi ya ku Bangwe, mawu a mtsikana uja anandibwerera: pali maso ambiri oti aone. Zimene zinachitikira pamphasa, pamaso pa onse, tinazipeza zonse. Chomwe chinasowa ndi chokhacho chimene chinachitika pakati pa anthu awiri n'kusungidwa malo amodzi, mwa ine. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene anthu a Linux amalimbikira kuti malemba a pulogalamu akhale poyera. Ineyo sindingawawerenge malembawo, monganso amayi ena m'gulu lathu satha kuwerenga kaundula. Koma amadziwa kuti mnzawo wokhala pambali angathe, ndipo mtima umakhala m'malo.

Mwina mukuganiza kuti ndinaitaya Linux. Ndinakwiya nayo masiku angapo, koma mlandu inalibe, inandichenjeza kawiri konse. Ndiye ndinayamba kuiphunzira, ulendo uno modekha. Vuto loyamba linali Wi-Fi, laputopu sinkaona netiweki iliyonse. Mtsikana uja anandiuza pa foni kuti ndilumikize foni ku laputopu ndi waya wa chaja, n'kutsegula USB tethering. Intaneti italowa ndinatsegula Driver Manager, inapeza yokha chomwe chinkasowa, n'kuika. Nditayatsanso, Wi-Fi inabwera. Aka kanali koyamba kukonza chinthu pa kompyuta ndi manja anga, popanda kulipira munthu.

Chachiwiri chinali terminal, kawindo kakuda kolembamo malamulo. Kankandiopsa ngati ofesi ya apolisi. Tsiku loyamba ndinalemba sudo apt update monga anandiuzira, ndipo inandifunsa pasiwedi. Ndikulemba, pasikirini osaoneka zilembo zanga. Ndinaganiza kuti kiyibodi yafa. Kumeneko n'kubisa dala, kuti woima kumbuyo kwako asaone. Mawu akuti sudo ali ngati kuuza mlonda kuti mwini nyumba ndine, tsegula. N'chifukwa chake mtsikana uja anandiletsa kukopera lamulo lililonse la pa intaneti lomwe sindikulimvetsa, makamaka loyamba ndi sudo. Phunziro limeneli ndinali nditalilipira kale, sanachite kubwereza. Kunena zoona, terminal sindiigwiritsa ntchito kawirikawiri. Mapulogalamu ndimatenga mu Software Manager, yomwe ili ngati Play Store ya pa foni: umasaka, n'kudina, basi.

M'malo mwa Excel muli LibreOffice Calc, imabwera kale m'katimo. Mabatani ena ali malo osiyana, ndipo sabata yoyamba ndinkangodandaula, koma kuwonkhetsa ndi SUM yomweyo. Imatsegula mafayilo a Excel ndi a Word, ngakhale nthawi zina mizere ndi zilembo zimasuntha pang'ono. Ndikafuna kukapulinta ndimasandutsa kaye fayilo kukhala PDF, ndiye imatuluka mmene ndaikonzera. WhatsApp ndi Facebook ndimatsegula mu Firefox. Nkhani mukuwerengayi ndailembera mu LibreOffice Writer.

Zovuta zilipo, ndisakunamizeni. Mapulogalamu a Windows, aja othera ndi .exe, sangoyenda mukawadina. Mwana wanga wamwamuna anandikwiyira sabata yathunthu chifukwa gemu yake ya mpira inapita. Kachishango ka Update Manager kakaonetsa kuti pali zatsopano, nthawi zina zimakhala zazikulu, ndiye ndimadikira ndikhale ndi bundle yokwanira. Chinanso, mafulemu okonza makompyuta amene ndimawadziwa anazolowera Windows, ena akangoona sikirini yachilendo amati tiifufute. Thandizo lambiri lili pa intaneti ndipo lili m'Chingerezi. Ndimawerenga pang'onopang'ono, pena kawiri, ndisanadine chilichonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chomwe sindinayembekeze n'chakuti ndasanduka dokotala wa mafulashi pamzere wathu. Kuli vayirasi ija imabisa mafoda n'kusiya ma shortcut okhaokha, munthu n'kumalira kuti zonse zapita. Vayirasi imeneyo inalembedwera Windows, ndiye pa Linux siyenda. Ndikalowetsa fulashi yoteroyo mafoda obisika aja amaoneka, pamodzi ndi timafayilo ta vayirasiyo, ndipo ndimakopera zabwino n'kufufuta zoipazo. Mwana wa mayi wa tomato uja, yemwe anafunsa ngati ndalama zapita ndi kompyuta, ndinamupulumutsira makalata ake ofunsira ntchito. Koma musamve ngati Linux ndi chithumwa. Munthu akakunamiza pa foni n'kumupatsa nambala yako yachinsinsi, palibe kompyuta ingakuteteze.

Gulu silinandichotse pa ulembi, ngakhale anthu atatu anavota kuti ndichoke. Tinagwirizana malamulo atsopano. Buku lachikuto cholimba labwerera, ndipo ndilo loyamba kulembedwa, pamphasa pomwepo. Laputopu imabwera pambuyo, kudzatsimikiza masamu. Lachinayi lililonse usiku ndimatumiza PDF ya kaundula pa gulu lathu la WhatsApp, choncho ili m'mafoni ambiri, ndipo amene ali ndi mafoni a mabatani amaonera kwa anzawo. Ndalama ya gulu sindilandiranso pabenchi, olo munthu achonderere bwanji. Ndinagulanso fulashi yachiwiri ija, imakhala m'kabotolo mukabati. Mint ili ndi pulogalamu yotchedwa Timeshift yomwe imabweza kompyuta mmene inalili ikasokonekera, koma dziwani kuti imasamala za Linux yeniyeniyo, mafayilo anu muzisunga nokha.

Mu Disembala tinagawana bwinobwino. Calc inawonkhetsa, amayi apampando anawonkhetsanso ndi cholembera pa katoni, manambala n'kufanana. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Kompyuta yanuyi yayamba nzeru."

Amene muli ndi laputopu yakale yomwe mwaiika pamwamba pa wadilopu poti ikuchedwa, musaitaye msanga. Pezani wina woidziwa Linux akuonetseni, muilawe kaye pa fulashi, muone ngati Wi-Fi, mawu ndi kiyibodi zikugwira. Musanaike, sungani mafayilo anu pa fulashi ina, muitulutse, muiike m'chipinda china. Kabokosi kalikonse kakabwera pasikirini, werengani mpaka kumapeto. Ndipo mwana akakuuzani kuti dikirani Loweruka, dikirani Loweruka.

Amene mukudutsa ku Limbe, Kilombero watsopano wafika.